Adada Anakapumira ku Saluni

Adada anatuluka m'chipatala ndi katundu amene sanalowe naye. Anali makina a mpweya, aakulu ngati kafiriji, okhala ndi timateyala pansi ndi kapaipi kopyapyala kolowa m'mphuno. Chifuwa chimene chinawagoneka nthawi yonse ya chisanu chinali chitapita, koma chinasiya mapapo ofooka. Anamwino amene anatitulutsa sanapsatire mawu. Anati makinawo amakoka mpweya wa m'chipinda, n'kuusefa, n'kupereka wabwino wokhawokha, ndipo amayendera magetsi. Akaima kwa kanthawi, Adada apirira. Akaima nthawi yaitali, tisadikire kuti tione.

Tinkakhala ku Area 23, m'nyumba imene Adada anamanga adakali mphunzitsi. Amayi anali atatisiya kale. Pakhomo tinalipo atatu: Adada, ine, ndi mlongo wawo amene anachokera ku Rumphi kudzawadwazika, amene ife timawaitana kuti Ankhazi monga mwa kwathu kumpoto. Achimwene anga aakulu ankakhala ku Area 25 ndi banja lawo, ndipo ankagulitsa zipangizo za galimoto.

Ntchito yanga inali ya magetsi omwewo, ngakhale sindinakwerepo pa polo kapena kugwira waya. Ndinaphunzira masamu a chiwerengero, ndipo mu ofesi yathu tinkalimbana ndi funso limodzi: kodi chiopsezo chakuti magetsi aperewere n'chachikulu bwanji, ndipo chimakula nthawi iti? Tinkatenga mbiri ya madzi a mu Shire, ya dzuwa ndi mitambo, ya mmene anthu amagwiritsira ntchito magetsi, ndi ya makina amene amangowonongeka osatsazika. Kompyuta inkasakaniza zonsezi n'kupanga zaka zongopeka zambirimbiri, china cha chilala, china cha mvula yosakata, china chabwinobwino. Ife tinkayang'ana kuti mwa zaka zimenezo, ndi nthawi ziti pamene magetsi anachepa poyerekeza ndi amene anthu ankafuna. Chipangizo chonsechi tinkachitcha modelo.

Magetsi a dzuwa atayamba kuchuluka m'dziko muno, modelo yathu inaonetsa chinthu chimene ambiri sankachiganizira. Chiopsezo sichinathe, chinangosamuka. Masana a m'chilimwe anakhala bwino kuposa kale. Koma dzuwa likapendeka, nyumba iliyonse itayatsa babu ndi kuteleka mphika, ndiponso masiku amene kumwamba kwatsekeka ndi mitambo, vuto linkaunjikana pamenepo.

Adada anali mkulu wa mpingo kuyambira ndili mwana, ndipo ndikamawafotokozera zimenezi ankangoseka.

"Ndinakutumiza kusukulu kuti ukakhale woombeza maula," ankatero. "Kusiyana kwake n'kwakuti ula wakowo uli ndi waya."

Achimwene sagonera nkhani. Sabata isanathe anafika ndi amisiri, makwerero ndi mapanelo a sola. Pofika madzulo denga lathu linali kunyezimira, ndipo m'kakhonde ka m'kati munali batire lalikulu lokhala ndi timagetsi tobiriwira. Anaima pabwalo manja ali m'chiuno.

"Za kuzima kwa magetsi zatha pakhomo pano," anatero. "Dzuwa la kuno silipita ku tchuthi."

Ndinawathokoza kuchokera pansi pa mtima, chifukwa chimene anachitacho sichinali chaching'ono. Koma mawu omwewo ndinali nditawamva kambirimbiri kuntchito, kuchokera kwa anthu ovala masuti, ndipo ndinkadziwa pamene amathera. Ndinapempha kuti andipatse masiku ndiwerengere bwino.

Mbiri ya magetsi a m'dera mwathu sindinakaifune kutali. Tili ndi gulu la pa foni la anthu okhala moyandikana, mmene timalengezamo maliro, ukwati, ndi agalu osochera. Koma uthenga umene umachuluka kuposa wina uliwonse ndi wa mawu amodzi: "Azima." Ndinabwerera m'mbuyo mpaka pamene gululo linayambira, n'kumalemba tsiku ndi nthawi. Mbiri yotere ndinkadziwa kuti imapendekeka. Munthu amathamangira foni magetsi akazima, koma akayaka amathamangira ayironi. Choncho pamene sindinapeze wonena kuti ayaka, ndinkatenga ngati mdimawo unatalika. Ndinaphatikiza zimenezi ndi mbiri ya mitambo ya mumzinda muno, mphamvu imene makina a Adada amadya, ndi imene batire lingasunge. Kenako ndinachita zimene ndimachita kuntchito, koma m'malo mwa dziko lonse ndinaikamo nyumba imodzi.

M'mauthenga amenewo ndinaonamonso china. Ife tikamadandaula, panali anthu ena amene ankayankha kuti, "Kuno ayaka." Anali anthu omwewomwewo nthawi zonse, ndipo onse ankakhala kutsidya kwa msewu wafumbi umene umadutsa kumaso kwa nyumba yathu. Loweruka lina ndinayenda ndikuyang'ana m'mwamba ngati wosaka mbalame, kutsatira mawaya polo ndi polo. Anthu a kutsidyawo anali pa laini ina.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi tinakhala pakhonde, Adada ali pa mpando wawo wa ndalema, makina akung'ung'udza pambali. Ndinayamba ndi zabwino. Ndinati masiku ambiri a chaka tilibe chodetsa nkhawa, ndipo chilimwe chonse mapanelo adzatisenza bwinobwino. Pamene pankandivuta panali pa mvumbi, mvula yamawawa ija yogwa masiku otsatizana dzuwa osaoneka.

"Chemwali, ukufuna kunena kuti masolawa ndi achabe?" anafunsa achimwene.

"Ayi, achimwene. Popanda masolawa bwenzi tikuthamanga sabata iliyonse. Ndikunena kuti mvula imene imabisa dzuwa ndi yomwenso imagwetsa mitengo pa mawaya, ndi yomwenso imakokolola zinyalala kukatseka makina a ku Shire. Zinthuzi sizifa mosinthana. Zimafa tsiku limodzi."

"Ndiye tiwonjezere mapanelo."

"Mapanelo ambiri pansi pa mtambo womwewo. Athandiza pang'ono, koma pakufunika chinthu chimene sichiyang'ana kumwamba."

Ndinatchula silinda ya mpweya, imene siifuna magetsi konse. Achimwene anakanda m'mutu, nkhope itagwa, koma sanatsutse. Ndinapemphanso kuti masiku a mitambo batire likhale la makina okha, osati la ayironi, wailesi ya kanema kapena mafoni.

Apa ndi pamene Adada anadzuka m'tulo tabodza timene anagona. Kuyambira tsiku limene mapanelo anakwera, pawindo la chipinda chochezera pankadzaza mafoni a anthu oyandikana nawo, ndipo Adada ankakondwa nazo kuposa mwini foni.

"Munthu wabwera pakhomo panga ndi foni yake, ine ndimubweze?"

"Kukakhala dzuwa musabweze aliyense, Adada. Batire likadzaza, mphamvu yotsalayo imangotayika. Aitaneni onse, ngakhale a ku Kawale. Koma kukachita mitambo, auzeni kuti mwana wanu ndi wovuta."

Anandiyang'ana kwa kanthawi, akukonza kapaipi pamphuno.

"Ndiye ukuti tsiku lina makinawa adzaima?"

"Adzaima."

"Liti?"

"Tsiku sindilidziwa. Nyengo yake ndiye ndikuidziwa."

Ankhazi anandikodola ndi chigongono, poganiza kuti wodwala sauzidwa zotero. Koma Adada anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Msiyeni," anatero. "Bola ameneyu sakundinyengerera ngati khanda."

Nkhani ya kutsidya kwa msewu ndinaisunga kumapeto, chifukwa ndinkadziwa mmene ikalandiridwire. Nyumba yoyamba pa laini inayo inali saluni. Mwini wake anali mayi wa ku Dedza, wonenepa bwino, wa mawu aakulu, amene anakhala m'deralo kuyambira kusanadzaze nyumba. Ndinali nditapitako kale kukawafotokozera. Sanandilole kuti ndimalize.

"Aphunzitsi aja? Mwana wanga woyamba anadziwa kuwerenga m'manja mwawo. Abwere tsiku lililonse."

Anandionetsa kachipinda ka kuseri kosungiramo matawulo, kokhala ndi windo ndi soketi yake. Ndinayesa soketiyo ndi foni yanga. Ndinawauza kuti pafupi ndi makinawo sipafunika mbaula, kandulo kapena mankhwala opopera m'tsitsi, ndipo anati zimenezo azisamala okha.

Nditanena izi pakhonde paja, achimwene anaseka mpaka kutsokomola. Adada sanaseke.

"Ine, mkulu wa mpingo, m'saluni ya azimayi?"

"M'kachipinda ka kuseri, Adada."

"Anthu akaona ndikutuluka mmenemo adzati chiyani?"

"Adzati mukupuma."

Chilimwe chinadutsa popanda chochitika. Magetsi ankazima monga mwa masiku onse, batire n'kulandira ntchito mwakachetechete, Adada osadziwa n'komwe. Silinda inafika n'kuimikidwa pakona ya chipinda chawo, yaitali ngati mwana wa sitandade wani. Ankhazi anaiona kuti ikunyansitsa chipinda, ndiye anaifunditsa nsalu yoluka yokhala ndi maluwa. Achimwene akabwera ankaigogoda ndi chala.

"Mlendo wako uyu sanayambebe ntchito?"

Sizinkandipweteka. Kuntchito ndinazolowera kufunsidwa chifukwa chimene timasungira makina amene chaka chimatha asanalire. Chinthu chochitika kamodzikamodzi chimaoneka ngati bodza mpaka tsiku lake.

Mvula yoyamba inabwera bwino, ya mabingu masana, dzuwa m'mawa. Chimanga cha m'mphepete mwa misewu chitafika m'chiuno, kunja kunasintha. Kunacha kotuwa, kunada kotuwa, mawa lake chimodzimodzi. Zovala zinayamba kununkha chinyontho pa chingwe. Timagetsi ta pa batire tinkakwera pang'ono masana n'kutsika kwambiri madzulo. Adada anasunga pangano, ndipo ndinawamva akuuza mayi wina pawindo kuti, "Pepani, mwana wanga ndi wovuta." Kenako kunabwera mphepo, ndipo mtengo wa kesha unagwera mawaya kumtunda kwa nyumba yathu, n'kuthyola polo. Pa gulu la pa foni anthu anatumiza zithunzi. Aliyense ankaona kuti imeneyi sinali ntchito ya tsiku limodzi.

M'mawa mwake ndisanapite kuntchito ndinayang'ana batire. Linali litatsika kuposa mmene ndinalionerapo. Ndinasuzumira m'chipinda cha Adada, ndinaona nsalu ya maluwa ili chilili pakona pake, ndipo mtima unakhala pansi. Ndinauza Ankhazi kuti batire likayamba kulira atsegule silinda monga anamwino anatiphunzitsira, kenako andiimbire. Ankhazi anavomera akuyang'ana m'mbale imene ankatsuka.

Ku ofesi zimene zinkachitika kunyumba kwathu zinkachitikira dziko lonse. Magetsi a dzuwa anali atatsika pafupifupi paliponse nthawi imodzi, chifukwa mtambo unali umodzi kuchokera kumwera mpaka kumpoto. Ku Shire makina ena anaimitsidwa kuti achotse zinyalala. Anzanga ankalankhula motsitsa mawu, maso ali pa makompyuta. Tsiku lotere tinali titaliona kambiri m'zaka zathu zongopeka, ndipo tsikuli linafanana nalo ndendende.

Foni inalira nditangomaliza kudya chamasana. Anali Ankhazi.

"Batire likulira, mama."

"Tsegulani silinda, Ankhazi. Ndikuuzani pang'onopang'ono."

 Ndinkangomva kulira kwa batire chapatali ndi mvula pa malata.

"Silinda kulibe."

"Ndaiona m'mawa pakona."

"Waona nsalu. M'kati mwake muli mkeka wokulunga."

Anafotokoza mwachidule. Dzulo lake, ine ndili kuntchito, kunabwera bambo wina wa mumpingo mwathu wokhala ku Kawale. Mkazi wake anali ndi makina ngati a Adada, koma analibe sola kapena batire, ndipo kwawonso magetsi anali atazima. Adada analamula kuti silinda ikwezedwe pa galimoto imene bamboyo anabwera nayo. Za mkeka anaganiza okha Adada, Ankhazi n'kungokulunga.

Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu, koma ndinauika pambali, chifukwa ndinkadziwa chotsatira. Ndinaimbira amayi a saluni.

"Ayaka kumeneko?"

"Ayaka, mwana wanga. Bwera nawo. Ndikusesa m'kachipinda."

Ndinaimbira achimwene, amene anati anyamuka pompo. Ine ndinakwera minibasi imene inkayenda ngati ikuopa kunyowa, ndipo nditatsika pa siteji a kabaza onse anakana kulowa m'matope a kwathu. Ndinavula nsapato n'kuyenda.

Ndinapeza galimoto ya achimwene itaima patali, pamene msewu wa tala umathera. M'nyumba munali bata limene sindinalimvepo kuyambira tsiku limene Adada anatuluka m'chipatala. Makina anali ataima. Adada anakhala m'mphepete mwa bedi ataweramira kutsogolo, manja ali pa maondo, mapewa akukwera ndi kutsika. Milomo inali itayamba kutuwa. Atandiona anayang'ana kumbali.

"Za mkeka tikamba bwino," ndinatero. "Tiyeni."

Anakweza chala kuloza kuseri kwa chitseko.

"Jekete," anatero, mawu akutuluka movutikira.

Ankhazi anawaveka jekete lawo la kutchalitchi ndi chipewa. Msewu wa pakati pa ife ndi saluni unali utasanduka mtsinje wofiira, wothamanga ndi mapepala a pulasitiki ndi zitsononkho. Achimwene sanafunse munthu. Anapinda buluku, anagwada kutsogolo kwa bedi, n'kunena kuti, "Kwerani, Adada." Sindinaganizepo kuti ndidzaona bambo anga ataberekedwa. Anakangamira khosi la mwana wawo, chipewa chitapendekeka, Ankhazi akuyesa kuwafunditsa ambulera imene mphepo inkaitembenuza. Ine ndinakulunga makina ndi pulasitiki ya pa tebulo n'kuwasenza pamutu, chifukwa timateyala take sitikanayenda m'matope. Madzi anandifika m'maondo. Pakati pa msewu achimwene anaterereka, anagwada bondo limodzi, n'kudzukanso osamasula manja.

"Mvula ikakuona litsiro sikata," anatero Ankhazi kumbuyo kwanga, osauza munthu.

M'saluni munali azimayi angapo amene mvula inawatsekereza. Wina anali ndi tsitsi loluka mbali imodzi, mbali inayo litaima. Onse anaimirira n'kupatuka. Amayi a saluni anali atazimitsa kale choumitsira tsitsi, atatulutsa mbaula pakhonde, ndipo m'kachipinda muja anali ataikamo mpando wawo wabwino kwambiri, uja wotsamira kumbuyo wotsukirapo m'mutu. Achimwene anatsitsira Adada pamenepo. Ndinapukuta pulagi ndi tawulo, ndinailowetsa, ndinadina. Makina analira kamodzi, kenako anayamba kung'ung'udza kuja.

 Tinkangoyang'ana mapewa a Adada. Pang'ono ndi pang'ono anasiya kukwera kwambiri, milomo inabwerera mtundu wake, ndipo manja amene anagwira mpando mwamphamvu anamasuka. Anatsegula maso, anakonza chipewa, n'kuyang'ana azimayi amene anadzaza pakhomo la kachipindako.

"Pepani amayi, ndakusokonezani pa ntchito yanu."

"Palibe chimene mwasokoneza, aphunzitsi," anayankha amayi a saluni. "Mukapeza bwino tikumetani ulere."

Aliyense anaseka, ndipo Adada nawonso anamwetulira. Pasanapite nthawi anali atazindikira kuti mayi wa tsitsi la mbali imodzi uja anali m'kalasi mwawo kalekale, ndipo anayamba kumufunsa za abale ake mmodzimmodzi, akupumira pakati pa mafunso. Ndinaimbira anamwino kuwafotokozera zonse, ndipo anandiuza zizindikiro zoti ndiziyang'anira. Palibe chimene chinaoneka.

Achimwene ndinawapeza pakhonde atakhala pa ndowa yovundikira, matope mpaka m'chiuno. Ndinakhala pambali pawo.

"Ndi opepuka," anatero patapita nthawi. "Sindinkadziwa kuti apepuka chonchi."

Ndinawauza kuti batire lawo linasenza Adada masiku onse a mvumbiwo lisanagonje, ndipo popanda ilo bwenzi titawoloka msewu umenewu kalekale, mwinanso pa nthawi yoipa kuposa iyi. Anagwedeza mutu. Anati akagula batire lachiwiri, ndipo anandifunsa ngati zimenezo zili ndi nzeru. Ndinati zili nazo.

Adada anakhala m'kachipinda ka matawulo mpaka amagetsi atadzutsa polo ija. Ankhazi anayala mkeka pambali pawo, womwe uja unanamizira kukhala silinda. Titabwerera kunyumba ndinadikira kuti Adada adye, apume, kenako ndinatseka chitseko cha chipinda chawo n'kukhala pa mpando woyang'anana nawo.

Anayamba okha.

"Iwe unandiuza kuti ndili ndi batire, ndili ndi silinda, ndili ndi saluni. Mayi uja analibe ngakhale chimodzi. Ndinawerengera monga umawerengera iwe, ndipo ndinapeza kuti ndipereke."

"Kupereka sindikutsutsa, Adada. Ndikutsutsa mkeka."

"Ndikanakuuza ukanakana."

"Ndikanakana poyamba. Kenako ndikanavomera, chifukwa mukunena zoona, mayi uja analibe pothawira. Koma ndikanadziwa kuti chatsala n'chiyani. Sindikanapita kuntchito. Tikanawoloka m'mawa, madzi asanakwere, inu mukuyenda ndi miyendo yanu, makina asanaime. Achimwene sakanagwa nanu pakati pa msewu."

Anasisita bondo.

"Za mkekazo ndinalakwa," anatero pomaliza. "Za silinda ndikhoza kuchitanso."

"Mukadzachitanso mudzandiuze."

"Ndidzakuuza."

Ndinawakhulupirira, ndipo sanandinamizenso.

Sabata yotsatira kuntchito kunali msonkhano wounikira zimene zinachitika pa mvumbiwo. Munthu wina wamkulu ananena kuti yankho ndi kuwonjezera magetsi a dzuwa, basi. Ndinapempha kuti ndilankhule. Ndinati awonjezedwe ndithu, chifukwa masiku ambiri amatipulumutsa, koma tisawerengere zinthu zimene zimagwa pamodzi ngati kuti chilichonse chili pachokha. Ndinati pafunika posungira mphamvu ya masana kuti ifike madzulo, ndi magwero ena amene sadalira mtambo womwewo kapena mtsinje womwewo. Ndinawonjezera funso limene ndinapempha kuti tiliike mu modelo mwamphamvu kuposa kale: nanga chimene tasunga kuti chidzatithandize chikadzapezeka kuti palibe pa tsikulo, chifukwa mnansi naye wachifuna nthawi yomweyo? Sindinatchule za Adada. Mnzanga wina anandiuza pambuyo pake kuti sanandimvepo ndikulankhula mopanda kuyang'ana pa pepala ngati tsiku limenelo.

Silinda inabwerera itatha mpweya, pamodzi ndi thumba la maungu ndi uthenga wakuti mayi wa ku Kawale anadutsa bwino masiku amenewo. Achimwene anakaidzazitsa. Ankhazi anafuna kuifunditsanso nsalu, koma ndinawapempha kuti ikhale poonekera, ndipo nsaluyo inapita pa wailesi.

Mapapo a Adada anapitiriza kulimba mwakachetechete. Chimanga chitauma m'minda, adokotala anati masana akhoza kumakhala opanda makina, bola asadzithamangitse. Lamlungu loyamba atauzidwa zimenezi anakana galimoto ya achimwene. Anati kutchalitchi apita wapansi, monga ankachitira kale.

Tinanyamuka molawirira, awiriwiri. Ankayenda pang'ono n'kuima, kuyenda pang'ono n'kuima, ndodo ili kutsogolo. Anthu ankatuluka m'mipanda kudzawapatsa moni, ndipo moni uliwonse unkawapatsa mpata wopuma popanda kuvomera kuti atopa. Titafika pa kamlatho ka pafupi ndi msika, belu loyamba linalira. Anatsamira chitsulo cha mlathowo, akupuma mozama.

"Tsogola, mama, ukandisungire malo."

"Malo anu palibe angakhalepo, Adada."

Sanaumirire. Tinaima pamenepo tikuyang'ana azimayi akuyala mbatata ndi nzimbe m'mphepete mwa msewu, ndi bambo wina amene ankakankha njinga yodzaza makala pa chitunda. Adada anafunsa mtengo wa nzimbe kwa mayi amene anali pafupi, anadandaula kuti zadula, osagula. Kenako anawongoka, anakonza kolala ya jekete, ndipo tinapitiriza. Tinalowa m'tchalitchi nyimbo yoyamba ili pakati.